Mchira wa Dzina la Dziko

Akale adati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo mawu amenewa, ngakhale timawatchula kawirikawiri pofuna kuletsa mwana wopupuluma, ali nayonso ntchito pakati pa anthu okonda kusinkhasinkha za chiyankhulo. Pakuti m'mawu amene timatchula tsiku ndi tsiku muli tinthu tating'onoting'ono timene munthu wa changu sationa, koma timene, wina akakhala pansi n'kutiyang'anitsitsa, timavumbulutsa mbiri ya mafumu, ya nkhondo ndi ya maulendo a panyanja. Totere ndi timalemba tiwiri, i ndi a, timene timakhala kumapeto kwa mayina ambiri a Chingerezi, ndipo m'kamwa mwathu timamveka kuti iya. Munthu wa ku Wenya, m'boma la Chitipa, safunika ulendo kuti akumane nato. Akayang'ana chakumadzulo, kuseri kwa mapiri a Mafinga, kuli Zambia. Akaloza kumpoto, kupitirira Chisenga ndi pa boma mpaka kutsidya kwa mtsinje wa Songwe, kuli Tanzania. Ndipo akatembenukira kumwera chakum'mawa, kuseri kwa Nyika, kuli Livingstonia, dzina limene amaliwerenga pa chikwangwani cha tchalitchi cha CCAP ndi pa kalata yake ya ubatizo. Mayina atatu amzinga mbali zitatu, ndipo onsewo mchira wawo ndi umodzi.

Choyamba kudabwitsa ndi malo amene timalembati tidakhala. Ziyankhulo zathu zonse, kuyambira Chichewa mpaka Chilambya, Chisukwa, Chindali, Chinyiha ndi Chitumbuka, zimene zimamveka pamodzi m'misika ya Chitipa, zimasenza katundu wa dzina pamutu: tsinde likakhala lambya, munthuyo ndi Mlambya, chiyankhulo chake ndi Chilambya, ndipo kwawo ndi ku Ulambya; chimodzimodzinso Utumbuka, Utonga ndi Unkhonde. Mzungu zake amazikoka kumbuyo. Akafuna kunena dziko, mutu wa dzina amausiya monga uliri, namangirira kanthu kumapeto. Tisanene kuti ife mchira sitiudziwa, pakuti mneni wathu amasinthira komweko, monga pamene kuona kusanduka kuonetsa, kuonana ndi kuoneka. Ndipo Angoni pochokera kumwera adadza ndi mayina a malo okhala ndi mutu ndi mchira womwe, monga Ekwendeni, Embangweni ndi Euthini. Koma pa mayina a mayiko, mwambo wa makolo athu ndi wa pamutu.

Tsono mchira umenewu, ngakhale tidaulandira m'manja mwa Angerezi, si wawo; iwonso adachita kubwereka. Wawo weniweni, umene makolo awo adawasiyira, ndi land, ndiko kunena nthaka kapena dziko, umene uli pa England, dziko la fuko la Angle, ndi pa Scotland, kwawo kwa amishoni; ndiwonso adatimangirira ife mu 1907 pamene dziko lino adalitcha Nyasaland. Koma ia adamutenga kwa Agiriki ndi Aroma, ndipo m'ziyankhulo za mitundu iwiriyo adali ndi ntchito ziwiri zazikulu. Ntchito yoyamba idali kusandutsa munthu kapena mkhalidwe wake kukhala chinthu chosagwirika ndi manja: kwa Agiriki munthu wanzeru adali sophos, ndipo nzeruyo payokha idali sophia, kwa Aroma wopambana nkhondo adali victor, ndipo chipambanocho chidali victoria, limene pambuyo pake lidakhala dzina la mfumukazi ya ku Britain. Ntchito yachiwiri idali kutenga dzina la fuko ndi kulisandutsa dzina la dziko: kumene kudali Galli kudakhala Gallia, kwa Germani kudakhala Germania, kwa Britanni kudakhala Britannia. Ngakhale Agalatiya aja amene mtumwi Paulo adawalembera kalata yowadzudzula, dziko lawo lidatchedwa Galatia chifukwa makolo awo adali a mtundu womwewo wa Galli, amene adawoloka nyanja kulowa m'dziko limene lero ndi Turkey zaka zoposa 270 Khristu asanabadwe.

Apa wowerenga ayime pang'ono, pakuti ntchito ziwirizi si zachilendo kwa iye. Kalembo kathu ka u kamachita zomwezo, osasiyako imodzi. Mfumu ikhala ndi ufumu, mfulu akhala ndi ufulu, munthu akhala ndi umunthu. Ndipo kalembo komweko, kakaikidwa pa dzina la fuko, katipatsa Ulambya ndi Unkhonde, monganso kwa abale athu akutali, kumene kamamveka bu kapena bo, kadapereka Buganda, Burundi ndi Botswana. Mgiriki wa pachilumba ndi Mlambya wa m'mapiri sadaonanepo, sadakwatirane, sadagulitsane mchere. Koma onse awiri, aliyense kwawo, adaona kuti mawu onena mkhalidwe wa anthu ndi mawu onena dziko la anthuwo ayenera kuumbidwa ndi chida chimodzi. Ine ndiyesa kuti m'menemo muli nzeru yakale yakuti dziko silitchedwa dziko chifukwa cha miyala ndi mitsinje yake, koma chifukwa cha anthu amene alima, akwatira ndi kuika maliro awo m'menemo. Kusiyana n'kwakuti kwa Aroma mayina oterewa adali achikazi, monga momwe mawu awo onena nthaka adaliri achikazi, ndipo n'chifukwa chake Britannia ankamujambula ngati mayi wokhala pansi, chisoti kumutu, mkondo wa mano atatu m'dzanja, monga ankaonekera pa kobiri lakale la Angerezi.

Ulendo wa mchirawu kuchokera ku Rome kufika ku London udali wa njira ziwiri, ndipo pa njira yoyamba udafika utaperepeseka. Mu 1066 William wa ku Normandy adagonjetsa England, ndipo kwa mibadwo ingapo pambuyo pake chiyankhulo cha kubwalo la mfumu ndi cha milandu chidali Chifalansa, chimene ndi mwana wa Chilatini, koma mwana womeza mawu kumapeto. M'kamwa mwa Afalansa ndi Angerezi, Italia idasanduka Italy, Germania idasanduka Germany, historia idakhala history, familia idakhala family. Ndipo m'mayina ena mchira udathera pomwepo, kotero kuti munthu sangaganize msanga kuti Spain idali Hispania ndi kuti Britain ndiye Britannia yemwe uja. Mwana wa sukulu ku Wenya, polemba history ndi geography pachikuto cha makope ake, akulemba chotsalira cha mchira womwewo umene uli pa Zambia. Njira yachiwiri idali ya mabuku. Anthu ophunzira a ku Ulaya, ojambula mapu, asing'anga ndi ofufuza za mitengo, adapitiriza kulemba m'Chilatini kwa zaka mazana ambiri Aroma atatha mphamvu, ndipo iwowa ndiwo adasunga ia wathunthu, namugwiritsa ntchito nthawi iliyonse akafuna kuti dzina latsopano limveke lolemera ndi lakalekale.

Komabe safunsa adadya phula; si ia aliyense amene ali wa banja limeneli. Taonani mayi amene wafika pa chipatala chaching'ono mwana ali kumsana, thupi likutentha, ndipo adokotala, atamubaya mwanayo pachala ndi kutsegula chikope chake kuona ngati m'maso muli magazi, alemba m'kabuku kake mawu atatu ofanana kumapeto. Pneumonia, chibayo, ndi wa banjali ndithu, pakuti pneumon ndi mapapo m'Chigiriki. Anaemia nayenso ndi wa banjali, pakuti m'kati mwake muli haima, magazi, ndi kamutu konena kuti palibe. Koma malaria, malungo, adangolowa pa mzere chifukwa chofanana nkhope. Iye ndi mawu awiri a Chitaliyana, mala ndi aria, mpweya woipa, pakuti anthu a kumeneko ankakhulupirira kuti nthendayo imatuluka m'nthunzi za madambo. Ndipo dzinalo lidakhazikika kale pamene Ronald Ross, ali ku India mu 1897, adapeza kachilombo ka malungo m'mimba mwa udzudzu. Bacteria nayenso ndi wa kwina, pakuti a wake angosonyeza kuchuluka. Ndipo mkulu wa mpingo amene angaganize kuti Yeremiya, Zekariya ndi Eliya ali pa ubale ndi Zambia walakwa kutali, popeza mathero a mayina a aneneriwo ndi chidule cha dzina la Mulungu m'Chihebri, chomwe chija timachiyimba kumapeto kwa aleluya.

Mchira umene poyamba unkanena dziko la anthu akutiakuti, mafumu adauona kuti ungathenso kunena dziko la munthu mmodzi, ndipo apa ndi pamene nkhani yake idakhotera. Alexander wa ku Macedonia, mnyamata amene adagonjetsa mitundu kuyambira ku Greece kufikira kumalire a India, adamanga mzinda m'mphepete mwa nyanja ku Egypt m'chaka cha 331 Khristu asanabadwe, nautcha Alexandria, ndipo m'njira monse adasiya midzi ina ya dzina lomwelo. Seleucus, mmodzi wa akazembe ake amene adagawana ufumuwo iye atafa, adamanga mzinda umene Buku Lopatulika limautcha Antiokeya, m'dzina la bambo wake Antiochus. Ndipo Herode, pofuna kukondweretsa mbuye wake wa ku Rome, adamanga Kaisareya. Motero mtumwi Paulo ankayenda pakati pa mitundu iwiri ya mayina, ena onena mafuko ndi ena otamanda mafumu, yonse ya mchira umodzi kapena wofanana nawo. Wolemba Salmo 49 adachiona chilakolako chimenechi, nadzudzula anthu olemera amene amayesa kuzemba manda mwa kupatsa minda mayina awo. Koma chidzudzulocho sichidaletse munthu. Azungu atayamba kuyenda panyanja zazikulu, mwambo wa Alexander udauka ndi mphamvu: Virginia idatchedwa polemekeza Elizabeth woyamba, mfumukazi yosakwatiwa, Colombia idatenga dzina la Columbus, Bolivia, mu 1825, la Simón Bolívar, Monrovia la James Monroe, mtsogoleri wa America, ndi Pretoria, mu 1855, la Andries Pretorius.

Sidali nthaka yokha. Mitengo imene makolo athu adaidziwa ndi kuitchula kuyambira kalekale idalandiranso mayina a anthu amene ambiri a iwo sadaponde dziko lino. Carl Linnaeus wa ku Sweden, amene mu 1753 adakhazikitsa dongosolo lakuti chomera chilichonse chikhale ndi mayina awiri a Chilatini, adatcha mlambe Adansonia, polemekeza Michel Adanson amene adaufotokoza atauona ku Senegal. Mkungudza wa pa phiri la Mulanje, mtengo wa fuko lathu, m'mabuku ndi Widdringtonia. Ndipo msangu, mtengo wachifundo uja umene umayoyola masamba ake nthawi ya dzinja pamene mitengo ina ikuphuka, kotero kuti chimanga cha pansi pake chimalandira dzuwa ndi chonde pamodzi, mlangizi wa zaulimi amautcha Faidherbia, dzina la Louis Faidherbe, msilikali wa ku France amene adalamulira Senegal ndi kugonjetsa mafumu a kumeneko ndi mfuti. Mlimi wa kuchigwa cha Karonga amene amausiya msangu m'munda mwake sadziwa kuti m'mabuku mtengowo ukuimbira nthungululu mtsamunda. Ngakhale likodzo lili ndi mwini wake, Theodor Bilharz, dokotala wa ku Germany amene adapeza nyongolotsi yake ku Cairo mu 1851, ndipo ulemu wake ndiwo bilharzia. Sindinena kuti dongosolo la Linnaeus ndi lopanda pake, pakuti ndi lomwelo limene limathandiza wophunzira wa ku Bunda ndi mnzake wa ku Japan kudziwa kuti akunena mtengo umodzi, pamene ife tokha, pakati pa Nsanje ndi Chitipa, mtengo umodzi tili nawo mayina asanu. Ndipo nthawi zina mawu a eni nthaka ndiwo adapatsidwa mchirawo: tilapia, dzina limene Andrew Smith adalemba mu 1840, lidachokera ku tlhapi, nsomba m'chiyankhulo cha Atswana.

Koma dzina limene lidasautsa chigawo chathu chino koposa onse ndi Rhodesia. Cecil Rhodes adalandira chilolezo cha mfumukazi cha kampani yake, British South Africa Company, mu 1889, ndipo mu 1895 mayiko amene kampaniyo idalanda adatchedwa dzina lake mwalamulo, mwini wake ali moyo ndi kumva. Poyamba ena ankawatcha Zambesia, potengera mtsinje. Koma mtsinje udagonja kwa munthu wa ndalama za dayamondi. Munthuyo adamwalira mu 1902 naikidwa pa mapiri a Matobo, asanaone ndi maso ake ngakhale mathithi a Mosi-oa-Tunya, pamene dzina lake lidali litafika kale kuseri kwa Mafinga. Ndipo tsidya lino silidapulumuke kwenikweni, pakuti gawo lalikulu la boma la North Nyasa, limene Karonga ndi Fort Hill, ndiyo Chitipa ya lero, zidali m'kati mwake, pamapepala lidali nthaka ya kampani yomweyo kufikira m'zaka za m'ma 1930. Anthu ankatema mitengo, kutentha nthambi ndi kufesa mawere pa phulusa monga ankachitira makolo awo, osadziwa kuti ku London kuli buku limene likuti mundawo ndi wa wina. Amuna a kumpoto kuno amene msonkho udawatulutsa m'midzi, ena kupita ku migodi ya kopa, ena ku golide wa Lupa ku Tanganyika, ena kumwera kumene ambiri adasanduka machona, dzina la Rhodes silidakhazikike pa lilime lawo. Ankati tikupita ku Halale, ku Wankie, ku Joni. Mu 1953 dzinalo adalimangirira pa lathu m'chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, ndipo apo mpamene lidamveka koposa. Ng'oma yoliritsa sichedwa kung'ambika: chitaganya chidatha mu 1963, kumpoto kwa Zambezi dzinalo lidafufutidwa mu 1964, ndipo kumwera, ngakhale Ian Smith adaliumirira kuyambira 1965 ndi mwazi wambiri, lidatha mu 1980.

Tiyerekeze tsono dzina limenelo ndi dzina la mfumu ya dera limene tayambira. Mfumu yaikulu ya ku Wenya ndi Mwenewenya, monganso ya ku Misuku ili Mwenemisuku, ndipo m'dzina la Mwabulambya dziko la Ulambya likumveka bwino lomwe. Mwene ndi mwini kapena mbuye, mawu omwe aja ali pa Mwene Mutapa wa mbiri yakale. Wina anganene kuti pamenepa palibe kusiyana, popeza mfumuyo ikudzitcha mwini dziko poyera, chimene ngakhale Rhodes sadalembe pa mapu. Koma tayang'anani chimene chikupatsa chinzake dzina. Pa Rhodesia munthu ndiye tsinde, dziko ndi mchira wolendewera kwa iye. Pa Mwenewenya dziko ndilo tsinde, ndipo munthu, pa tsiku lomulonga ufumu, dzina la ubwana wake limabisika, nalowa dzina limene adalipeza ndi limene adzalisiyira wina. Anthu pofika kwa iye amagwada, kuomba m'manja ndi kutchula dera lawo lomwe. Sindikubisa kuti ifenso timatcha malo mayina a anthu: Livingstone adafera kwa Chitambo, sitima zinkaima kwa Mponda, ndipo Nthalire ndi Kameme ndi mayina a mafumu ndi a madera awo pamodzi. Komatu kwa ameneyu amanena za munthu amene mukamupeza pakhomo pake, wokupatsani madzi akumwa ndi kuweruza mlandu wanu, osati mwini masheya wokhala kutsidya la nyanja. Ndipo kuti nthenda ya Alexander siisankha khungu tidaiona tokha ufulu utabwera, pamene bwalo la ndege, bwalo la mpira, chipatala chachikulu, damu ndi misewu zidatenga dzina limodzi la Kamuzu.

Nthawi ya ufulu mitundu idachita mosiyanasiyana ndi michira imene idapatsidwa. Ena adaidula nabwezera mutu: Bechuanaland idakhala Botswana ndipo Basutoland idakhala Lesotho, zonse mu 1966, ndipo Swaziland idadikira mpaka 2018 kuti ikhale Eswatini. Ife pa 6 July 1964 tidavula Nyasaland ndi kuvala Malawi, dzina la ufumu wakale wa Amaravi. Fort Hill idakhala Chitipa, Fort Johnston idakhala Mangochi, Port Herald idakhala Nsanje. Koma anansi athu awiri adasankha mayina okhala ndi mchira wa ia. Pa 24 October 1964 Northern Rhodesia idasanduka Zambia, mtsinje wa Zambezi utabwezeredwa malo amene udalandidwa mu 1895. Ndipo chaka chomwecho Tanganyika ndi Zanzibar, zitalumikizana mu April, zidatenga chiyambi cha dzina lililonse ndi kutsekera ndi ia yemweyo. Sadaone chifukwa chodana ndi timalemba tiwiri chifukwa cha munthu amene adatigwiritsa ntchito moipa, ndipo m'maganizo mwanga adachita bwino. Chokondweretsa n'chakuti amene adatsogolera kuchotsa dzina la Rhodes kuseri kwa Mafinga, Kenneth Kaunda, adabadwira ku Lubwa pafupi ndi Chinsali mu 1924, mwana wa David Kaunda, mphunzitsi ndi mlaliki wochokera ku Nyasaland amene adatumidwa kumeneko ndi mishoni ya Livingstonia.

Ndipo apa tafika pa dzina lachitatu, limene ndi lovuta kuposa awiri enawo, pakuti ndi dzina la mzungu mmodzi monga Rhodesia, koma palibe adalichotsa. David Livingstone adamwalira mu 1873, ndipo thupi lake lidaikidwa ku Westminster Abbey mu April 1874. Mwezi wotsatira James Stewart wa ku Lovedale adaimirira pa msonkhano waukulu wa Free Church of Scotland napempha kuti chikumbutso cha malemuyo chisakhale mwala koma mudzi wa maphunziro, ntchito zamanja ndi Uthenga m'kati mwa Africa, ndi kuti utchedwe Livingstonia. Dzina lidabadwa malo asanapezeke. Mu October 1875 sitima ya Ilala, yotsogozedwa ndi E. D. Young, Robert Laws ali momwemo, idalowa m'nyanja, ndipo dzinalo adalitsitsira pa Cape Maclear. Kumeneko malungo adawatha. Manda a William Black ndi anzake ali pomwepo, pamene obatizidwa adali mmodzi yekha, Albert Namalambe. Mu 1881 adasamukira ku Bandawe, ndipo mu 1894 Laws adakwera phiri nakhazika sukulu yake yaikulu ku Khondowe, m'dziko la Aphoka, kumene dzinalo lidakhazikika. Dzina limene lingathe kukwezedwa m'sitima ndi kutsitsidwa pena silinali la nthaka kwenikweni. Lidali la ntchito ndi la anthu oigwira.

Akale ali ndi miyambi iwiri ya mlendo, wina wakuti mlendo ndi mame, ndi wina wakuti mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa; ndipo anthu a kumpoto, poweruza mayina awiri achilendowa, adapereka mwambi woyamba kwa Rhodesia ndi wachiwiri kwa Livingstonia. Kalumoko kadali sukulu. Aphunzitsi ophunzira ku Khondowe adabalalika m'midzi ya Karonga, Fort Hill ndi kutsidya ku Mwenzo, ndi sileti, choko ndi buku la nyimbo, ndipo m'masukulu a udzu amenewo mudatuluka akalaliki, aphunzitsi ndi akapitawo amene adadzaza maofesi kuyambira ku Tanganyika mpaka ku Cape Town. Kalumo sikasankha pometa: ena mwa ophunzira a mishoniyo adakatembenuzira kwa azungu omwewo. Levi Mumba adali mmodzi wa oyambitsa North Nyasa Native Association mu 1912. Clements Kadalie adayambitsa bungwe lalikulu la antchito akuda ku Cape Town mu 1919. Ndipo Yesaya Zerenje Mwasi, mmodzi wa abusa atatu oyamba, pamodzi ndi Hezekiah Tweya ndi Jonathan Chirwa, adatuluka mu mpingowo mu 1933 atatopa ndi ulamuliro wa amishoni. Pakuti tisaiwale kuti abusa oyambawo adadzozedwa mu 1914, patapita zaka pafupifupi makumi anayi chifikire Ilala, ndi kuti malo aakulu a ku Khondowe mishoni idawapeza mwa chilolezo cha kampani ya Rhodes yomwe ija. Mayina awiriwa sadali adani monga momwe tingafunire kuti akhale. Koma lina lidasiya m'manja mwa anthu chida chimene akadatha kudzimasula nacho, ndipo anthuwo, atatenga mpingo kukhala wawo, adasunga ndi dzina lomwe, nalipatsanso sukulu yaukachenjede mu 2003.

Chimene chidachitikira dzinali m'kamwa mwa eni dziko n'choyenera kuchimvetsera. Munthu wa kumpoto akamakwera phiri lija, pa msewu wa Gorodi wokhotakhota kuchokera ku Chitimba, kawirikawiri amati ndikupita ku Khondowe. Malowo adasunga dzina limene adali nalo Laws asanafike. Koma mayi wa umanyano wa ku Wenya, wovala bulauzi yoyera ndi duku loyera, amene mwina phirilo sadalikwerepo chibadwire, mukamufunsa za mpingo wake adzakuyankhani kuti ndi wa Livingstonia, ndipo ponena zimenezo sakuganiza za Livingstone, mzungu wa ku Blantyre ya ku Scotland, koma za abusa ake, nyimbo za Chitumbuka ndi anzake amene amakumana nawo pa maliro ndi pa misonkhano. Mchira uja, umene mafumu adaukhotetsa kuti uzinena munthu mmodzi, pano udabwerera mwakachetechete ku ntchito yake yoyamba, yonena khamu la anthu. Ndipo popeza anthu amayenda pamene nthaka siyenda, dzinalo lidawatsata ku minda ya nzimbe ya Dwangwa, ku Lilongwe ndi ku Johannesburg, kumene kuli mipingo ya sinodi ya Livingstonia lero. M'menemo ndimo mudachokera mkangano wa malire pakati pa masinodi a Livingstonia ndi Nkhoma, wina akuloza mtsinje umene amishoni adagwirizana kuti ukhale malire, wina akuloza akhristu ake amene adawoloka mtsinjewo kukafuna ntchito.